Mafunso a pa Njinga ya Ababa

M'mawa uno ababa anandigwira mkono n'kuloza magalasi awo pa tebulo. "Mwanangu, zija zoonera, amati chiyani?" Chidwalireni sitiroko, mayina a zinthu amawathawa.

Funso limenelo linandibwezera pa kaliyala wa njinga yawo. Akaweruka ku fakitale ku Donnington, ankadzanditenga kwa azakhali kumene ndinkaswera. Ndinkawakakamira kumsana, ovololo yawo ikununkha girisi ndi thukuta. Tikamalowera kwathu ku Mabutweni, ankayamba: "Iwe Neliya, chija chakuda chimatitsata pansi dzuwa likawala, pa Chingerezi n'chiyani?"

"Shadow!" ndinkakuwa.

"Yebo, wakhoza! Nanga madzi aja amatuluka m'maso?"

Ndinkayankha monyadira, koma mumtima ndinkawamvera chisoni. Munthu wamkulu chonchi, osadziwa Chingerezi! Tsiku lina ndinanong'oneza amayi kuti asadandaule, ndiwaphunzitsa ababa mawu onse kuti anzawo asamawaseke kuntchito. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenako anati, "Limbikira, mwanangu. Mwana wasukulu wakoyo akuyesetsa."

Ndinali nditakula kale pamene ndinamva kuti ku fakitale kuja ababa ndiwo ankamasulira Chingerezi cha bwana kuti anzawo amve.

Lero ndinatola magalasiwo n'kuwaveka bwinobwino. "Ndi magalasi, ababa. Pa Chingerezi, glasses."

"Yebo, wakhoza," anatero, mawu ake omwe aja a pa njinga. Kungoti ulendo uno yankho ankalidikiradi.