Matabwa a Tebulo la Lusiya

Ndikukumbukira m'mawa umene mayi anga ananditengera kwa a Ngozo, kalipentala wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, kumtunda kwa Tsangano. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mayeso a sitandade 8 ndinakhoza, koma dzina langa silinatuluke pa osankhidwa kupita ku sekondale, ndipo bambo anga anali atamwalira kale. Mayi anati m'malo moti ndizingozungulira pamsika n'kumasenzera anthu matumba a mbatatesi, kuli bwino ndikaphunzire ntchito ya manja. Anandinyamulitsa tambala wofiira, iwo patsogolo ine pambuyo, mame akutinyowetsa miyendo.

A Ngozo anali munthu wamtali, wowonda, wouma pakamwa. Ankagwirira ntchito m'chisakasa cha udzu kuseri kwa nyumba yawo. Analandira tambala uja, n'kugwira manja anga, kuwatembenuza uku ndi uku ngati akugula mbuzi. Kenako anangoti ndibwere mawa lake, ndipo ndisadzachedwe.

Ine m'mutu mwanga ndinkati pakamatha mwezi ndidzakhala nditakhoma mpando wanga. Ndinalemba m'madzi. Ntchito yanga inali kusesa utuchi, kuwongola misomali yakale pamwala, kugwira thabwa iwo akamacheka, ndi kunola mpeni wa puleni, chida chopalira matabwa. Amene akudziwa kuzizira kwa ku Tsangano andimvetsa ndikanena kuti mwala wonolera umafuna madzi, ndipo madziwo ankandiumitsa zala mpaka kulephera kumanga batani la malaya. Miyezi inapita ndisanakhomeko msomali ndi umodzi womwe. Nditadandaula kunyumba, mayi anandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinayankha chamumtima kuti nkhono ya kwa a Ngozo ndiye inabadwa yopanda maso.

Tsiku limene anandilola kugwira puleni ndinasangalala kwambiri, koma chimwemwecho sichinachedwe kuzilala. Ankandipatsa mbali zosaoneka zokhazokha: kunsi kwa tebulo, kumbuyo kwa kabati koyang'ana kukhoma, mkati mwa dilowa. Ndikamaliza, iwo sankayang'ana n'komwe. Ankangoyendetsa chikhatho pang'onopang'ono, maso ali kwina. Akapeza pokhakhala sankakalipa ayi, ankangondibwezera puleni m'manja n'kupitiriza zawo. Kusayankhula kwawoko kunkandipweteka kuposa kukalipa.

Tsiku lina, atandibwezera thabwa lomwelomwelo mpaka mapewa kuwawa, ndinalephera kupirira.

"Kodi bambo, kunsi kwa tebulo amayang'anako ndani?"

"Palibe," anatero. "Koma mwana akamakwawa amagwira kumeneko, ndipo iye sadziwa kudandaula kwa kalipentala."

Ndinaona ngati ndi nzeru za munthu wokalamba wofuna kungonditopetsa.

Chimene chinkandisunga pamalopo ndi Lusiya, mwana wawo wotsiriza. Anabadwa makolo ake atakula kale, akulu ake onse atakwatiwa, ndipo anali ndi zaka ngati zisanu. Tsiku lonse ankakhala pansi pa benchi yathu yogwirirapo ntchito, akutola tizidutswa topiringizika tochoka pa puleni. Ankatikoleka m'makutu ngati ndolo, tina n'kutisomeka m'tsitsi, kenako n'kutuluka kuti timuone. Ine ankanditchula kuti amisiri a tsache, chifukwa nthawi zambiri ankandipeza ndikusesa. Ndikamuopseza kuti ndimukhomera pabenchipo, ankaseka mpaka kugwa chagada. Masana ankandibweretsera mbatatesi zootcha atazikulunga m'diresi lake, zambiri atazilumako kale panjira. Ndi iye yekha amene ankatha kuwaseketsa a Ngozo.

M'chaka chachiwiri, mvula itangosiya, a Ngozo anabwera ndi matabwa a mkungudza ongochekedwa kumene. Anali abwino, owongoka, ndipo fungo lake linadzaza chisakasa chonse. Anandiuza kuti ndiwaike kudenga kuti aume. Nditatsika anandiuza mawu amene ndinawadikira nthawi yonseyi. Anati matabwawo ndi anga. Akauma ndidzakhome katebulo ka Lusiya kolemberapo, popeza anali pafupi kuyamba sukulu. Ndidzakakhome ndekha, iwo sadzakhudzako. Kakadzakhala bwino adzandipatsa puleni yawo yakale, ndipo ndidzayamba kulandira ntchito za anthu ngati mmisiri.

Kuyambira tsiku limenelo moyo wanga unali kudenga kuja. M'mawa uliwonse ndinkakwera pabenchi, kuwatembenuza, kuwagogoda kuti ndimve ngati auma. Tebulolo ndinalikhoma kambirimbiri m'mutu ndili m'njira. Lusiya nayenso anasanduka bwana wanga. Anati akufuna pakhale dilowa losungiramo pensulo ndi zitsekerero zake za mabotolo, ndipo miyendo isatalike, mapazi ake azifika pansi akakhala. Ankandifunsa tsiku ndi tsiku ngati matabwa auma, ine n'kumati mawa.

Mwezi wa Juni unabwera ndi chisanu choopsa. Lusiya anayamba kutsokomola. Poyamba ankabwerabe m'chisakasa atafunda chitenje cha amake, a Nanyoni, koma kenako anasiya. Makolo ake anapita naye kuchipatala, adokotala anati ndi chibayo, anabwerako ndi mankhwala ndipo anaoneka ngati wapezako bwino. Anafika mpaka pondituma kuti ndimusungire ndolo zake zija. Ndinamusungiradi m'chitini, pakona pa benchi.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina ndikupita kuntchito ndinapeza masamba aikidwa panjira yolowera kwa a Ngozo. Ndisanafunse munthu ndinamva kulira kwa a Nanyoni. Ndinangokhala pansi pamzere wa mbatatesi za eni ake.

Sindinadziwe kopita, ndiye ndinalowa m'chisakasa muja n'kukhala. Dzuwa litakwera pang'ono kunabwera mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja, atanyamula bango limene anayezera thupi. Anali ndi amuna ena angapo, ndipo ankakambirana motsitsa mawu. Kwathu kalipentala sakhomera bokosi mwana wake. Ndi mwambo, koma ndi chifundonso, chifukwa palibe bambo amene dzanja lake lingawongoke pa ntchito yotero. Kalipentala wina wa m'deralo anali atawolokera ku Mozambique kukacheka matabwa. Matabwa ouma nawonso panalibe, moti ena ankanena zozula chitseko.

Ali mkati mokambirana, a Ngozo anatulukira. Nkhope yawo inali itagwa, ndipo ankayenda ngati munthu wodwala. Sanayang'ane wina aliyense koma ine.

"Tsitsa matabwa ako aja."

"Koma bambo, amenewo ndi a tebulo la Lusiya."

"Eya," anatero. "Ndi a Lusiya."

Anatembenuka n'kubwerera kusiwa. Mkulu wa adzukulu anandipatsa bango lija. Linali lalifupi kwambiri moti ndinachita manyazi kuligwira, ndipo nditaligoneka pathabwa loyamba ndinaona kuti thabwa limodzi likwanira mbali ziwiri.

Ntchito imene ndinaipempha kwa nthawi yaitali ija ndinaipeza tsiku limenelo. Ndinayeza ndekha, ndinacheka ndekha, panalibe wondibwezera puleni. Fungo la mkungudza linali lomwe lija. Misozi inkagwera pathabwa, ine n'kumaipukuta ndi mkono kuti ndione mzere wa pensulo. Nditapala mbali zakunja, ndinatembenuza matabwa n'kuyamba zamkati.

Mkulu uja anandiletsa. Sanalankhule mwaukali ayi. Anati nthawi yatha, manda akumbidwa kale, ndipo a mpingo afika. Anati mkati musandivutitse chifukwa mwanayo akulungidwa m'bulangeti, ndipo chivundikiro chikakhomedwa palibe adzaonemo. Amuna enawo anavomereza. Zimene ankanenazo zinali zoona, ndipo ine ndinali mwana pakati pa akuluakulu. Koma ndinayendetsa chikhatho pathabwapo n'kumva timinga totsala pocheka ndi sowo, ndipo ndinakumbukira timanja ta Lusiya. Ndinangoweramira puleni n'kupitiriza. Tizidutswa topiringizika tija tinkagwa pansi pa benchi, wotola panalibe.

Anandisiya. Mmodzi mwa iwo anabwera n'kundigwirira thabwa kuti lisamagwedezeke, monga ndinkachitira ine kwa a Ngozo.

Nditakhoma msomali wotsiriza, wina anapita kukawauza. A Ngozo anabwera, amuna onse n'kuwapatsa njira. Kunja kwa bokosilo sanakuyang'ane. Anagwada pautuchi, n'kulowetsa dzanja mkati. Analiyendetsa pansi, m'mbali, m'makona, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, maso ali kwina. Anatenga chivundikiro, kuchitembenuza, n'kusisita kunsi kwake. Ine ndinaima ndi puleni m'manja, kudikira kuti mwina andilozera pokhakhala.

"Agona bwino," anatero.

Kenako anaona chitini chija pakona pa benchi. Anatolamo tizidutswa tiwiri, n'kutiika m'bokosi chakumutu. Apo m'pamene analira. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akulira chomwecho, mapewa akugwedezeka, dzanja likadali m'bokosi. Ineyo ndinathawira kuseri kwa chisakasa.

Lusiya tinamuika madzulo a tsiku lomwelo. Mwambo wometa utatha, ndinabwerera kuntchito n'kupeza puleni yakale ija ili pamalo panga. A Ngozo anati ndi yanga, maphunziro ndamaliza. Ndinailandira ndi manja awiri, ndinathokoza, koma mumtima munalibe chimwemwe ngakhale pang'ono. Ndikanalola kusesa utuchi zaka zina zambiri, bola pansi pa benchi pakhale wonditchula amisiri a tsache. Ndinagwira nawo ntchito mpaka pamene ndinakwatira, ndipo m'zaka zonsezo sindinawamvenso akuseka.

Lero ndili ndi chisakasa changa ku Manjawira, cha malata, ndipo a Ngozo anatisiya kalekale. Anyamata amene amabwera kudzaphunzira kwa ine amandiona ngati munthu wovuta. Ndimawayambitsira kunsi kwa tebulo, ndipo posakhalitsa wina amafunsa funso langa lomwe lija. Ndimamuyankha za mwana wokwawa, iye n'kuyang'ana anzake mobisa kuseka. Sindikwiya, chifukwa ndinaimapo pamenepo.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti a Ngozo sankandiphunzitsa kusangalatsa wogula. Wogula ali ndi maso ndi pakamwa, atha kubweza katundu. Iwo ankakonzekeretsa manja anga kuti azigwirira ntchito munthu amene sangathe kudandaula, ndipo sankadziwa kuti woyamba adzakhala mwana wawo. Ndakhoma matebulo ambiri, ena a ana anga omwe, okhala ndi dilowa ndi miyendo yaifupi. Koma munthu akabwera kuti akufuna katebulo ka mwana ka mkungudza, ndimamupempha kuti asankhe mtengo wina.