Galimoto ya Alamu Yopanda Mapisitoni

Pa zaka zonse zimene ndidagwira ntchito ya umakaniko pa galaja ya mishoni, kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, injini imene idandisowetsa chonena ndi imodzi yokha. Mathirakitala ndinkawadziwa, malole onyamula matabwa ndinkawadziwa, ndipo injini ya chigayo ndinkatha kuimasula n'kuimanganso nditatsinzina. Zonsezo zidali ndi mapisitoni okwera ndi kutsika, moti ine ndinkayesa kuti palibenso njira ina imene injini ingayendere pansi pano.

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, ankathandiza dokotala pa chipatala cha pa Boma. Adali munthu wofatsa, woyenda pa njinga yakuda, wosamwa ngakhale masese. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mzungu wina wa zankhalango ankabwerera kwawo, ndipo adawagulitsa galimoto yake. Palibe wa ife amene adadziwa kuti munthu wofatsayo ankaisirira galimotoyo kwa zaka zitatu, nthawi zonse ikaima pa chipatala.

Adabwera nayo Loweruka masana, mwezi wa Juni, mphepo yozizira ikutsika m'phiri. Ndidaimva ndisanaione. Sinkalira ngati galimoto, inkang'ung'uza ngati njuchi zili mu mphako. Itakhota pa mitengo ya paini ndidaona kanthu kofiira, kotsika kwambiri, ka zitseko ziwiri, kakukwawa mosamala pa miyala ya msewu wathu. Alamu adatulukamo movutikira, akumwetulira ngati mwana woti wangobatizidwa.

Adandiuza kuti pa chitseko cha kumanzere padali pokalika ndipo ankafuna ndipakepo penti, kenaka ndiwaikire wayilesi. Zina zonse, adatero, zidali bwino, poti mzunguyo ankaisamala. Ine ndidangoti tione kaye m'kati, n'kutsegula boneti.

Pamalo pamene ndinkayembekeza kuona injini padali kachinthu kakang'ono, kobulungira, kosaposa mtsuko wa madzi. Ndidafufuza chivundikiro cha mavavu, padalibe. Ndidawerenga mapulagi, ndidapeza anayi, koma adali m'mbali, awiriawiri, ina pamwamba pa inzake. Ndidagwada n'kusuzumira pansi, kuganiza kuti mwina injini yeniyeni yabisala kumeneko. Alamu adaseka n'kutsegula buti. Mudali buku lokhuthala la Chingerezi lothimbirira ndi oyilo, ndi chitsulo china chokulungidwa m'chiguduli, chimene mzunguyo adachotsa pamene adakonzetsa injiniyo kale.

Chitsulocho chidali cha ngodya zitatu, mbali zake zotukuka pang'ono, pakati pali bowo lokhala ndi mano m'kati. Chidali cholemera ngati mwala wa mphero. Pa ngodya iliyonse padali kampata kolowamo kachitsulo kopyapyala, kotalika ngati chala. Ndidachitembenuza m'manja mwanga kangapo, ndipo ndidawapempha alamu kuti aisiye galimotoyo mpaka ndimvetse chimene ndagwira.

Mawa lake, titaweruka ku Misa, ndidakhala pakhonde ndi bukulo. Chingerezi changa n'cha Sitandade 8 ya kale, koma zithunzi zidandithandiza. Ndidajambula pa thabwa chipinda chimene chitsulocho chimazunguliramo, ndidadula katoni ya ngodya zitatu, n'kuyamba kuizungulitsa ndi chala. Mkazi wanga atabwera ndi tiyi adayang'ana chojambulacho n'kunena kuti chikufanana ndi khoko la mtedza wa maso awiri. Adanena zoona, ndipo kuyambira pamenepo maso anga adatseguka. Katoniyo ikamazungulira, ngodya zake zitatu sizisiya kukhudza khoma, ndiye pamakhala tizipinda titatu timene timakula n'kuchepa. Kamodzi kakukoka petulo ndi mpweya, kena kakupanikiza ndi kuyatsa, kachitatu kakutulutsa utsi, zonse nthawi imodzi, popanda chinthu choima kuti chibwerere. Ndidazungulitsa katoniyo mpaka tiyi adazizira. Ndinkadzifunsa kuti munthu amene adaganiza zimenezi adakhala pansi masiku angati, ndipo anzake adamuseka kangati asanaione ikuyenda.

Alamu atabwera Lolemba madzulo adafunsa za penti. Ndidawayankha kuti, "Alamu, wodwala akakupezani thupi likutentha, mumayamba mwamumeta tsitsi?" Adavula jekete n'kufunsa kuti tiyambira pati.

Tidayamba ndi kumvetsera ngati tizitsulo ta pa ngodya tija tidali tamoyo, chifukwa bukulo lidanena kuti kamodzi kakathyoka, injini yonse yatha. Tidaitenthetsa, ndidachotsa pulagi imodzi, alamu n'kumapotoza kiyi ine nditatchera khutu pa bowo. Mpweya unkatuluka katatu katatu, fu fu fu, mofanana ngati mtima wa munthu wopuma bwino. Tidachita chimodzimodzi ku chitsulo chachiwiri, poti mu injinimo zilimo ziwiri. Nakonso kudamveka bwino. Alamu adapempha kuti nawonso amvetsere, ndipo adatsinzina monga amachitira akaika chopimira pa chifuwa cha mwana.

Chachiwiri chidali madzi. Injiniyi idamangidwa ngati mbale zosanjikizana, zina za chitsulo zina za aluminiyamu, ndipo ikangotentha mopitirira kamodzi kokha, mbalezo zimapindika. Nditafinya mapaipi a rediyeta, imodzi ya pansi idali yofewa ngati nthochi yakupsa, ndipo idang'ambikira m'manja mwanga. Alamu adayang'ana mng'aluwo. Akadakwera ndi galimotoyo chitunda chilichonse cha msewu wa ku Lilongwe, paipiyo ikadaphulikira panjira. Tidatsuka rediyetayo mpaka madzi a dzimbiri adatha, ndidapeza paipi ina m'sitolo ya galaja n'kuidula kuti ikwane, tidasintha lamba wa fani, n'kuthiramo madzi amvula a mu thanki ya tchalitchi.

Chachitatu ndicho chidandidabwitsa koposa. Moyo wanga wonse ndidaphunzira kuti injini yodya oyilo ndi yodwala. Iyi idapangidwa kuti izidya oyilo mwadala. Pambali pake padali kapampu kakang'ono kodontheza oyilo m'njira ya petulo kuti tizitsulo ta pa ngodya tisakhule khoma pouma. Bukulo lidatchula muyeso umene kayenera kutulutsa pa mphindi zingapo, koma ine ndidalibe choyezera madontho ochepa chotero. Mawa lake alamu adabwera ndi jakisoni wopanda singano. Tidazula timapaipi ta kapampuko, tidathira oyilo pang'ono mu petulo kuti injini isavutike pamene tikuyeza, n'kumayang'ana madonthowo akusonkhana, iwo ali ndi wotchi m'manja. Adafika pa mzere wake ndendende. Kenaka tidakhetsa oyilo yense wakale, tidasintha sefa yake ndi ya petulo, n'kutsuka mapulagi. Mapulagi atsopano alamu adachita kuitanitsa ku Blantyre ndipo tidawadikira masabata atatu.

Pa masabata amenewo galimotoyo inkagona pa galaja, ndipo m'pamene alamu adaiphunzira khalidwe lake. Loweruka lina m'mamawa, nkhungu ili mbuu, ine ndisanafike, adailiza, n'kuitulutsa panja kuti aitsuke, n'kuizimitsa pomwepo isanatenthe. Atamaliza kutsuka, idakana kulira. Adapotoza kiyi mpaka batire idafooka. Ndidawapeza atakhala pa chitsa, ndowa ili pambali, nkhope ili yakugwa.

"Ndaipha, alamu," adatero.

Fungo la petulo linkamveka patali. Bukulo lidachenjeza za zimenezi: ikazimitsidwa ili yozizira, petulo amatsalira m'kati, n'kutsuka oyilo wa pa khoma, ndipo mpweya umangodutsa pa ngodya osapanikizika. Ndidachotsa mapulagi ali chonyowa, tidawayanika pa lata, tidazungulitsa injini ndi batire ya thirakitala kuti ilavule petuloyo, ndipo ndidathira oyilo wokwana supuni yaing'ono m'bowo lililonse. Poyamba idangotsokomola. Kachitatu idagwira, ndipo utsi woyera udadzaza bwalo lonse mpaka amayi amene ankapita kukatola nkhuni adaima pa njira kufunsa ngati galaja yapsa. Alamu adaseka mpaka misozi. Kuchokera tsiku limenelo sadaizimitsenso singano ya kutentha isanakwere, ngakhale atachedwa chotani.

Mapulagi atafika, lidatsala langizo limodzi la m'bukumo limene ndinkaliopa. Linkati injiniyi sifuna kuinyengerera, iyenera kuthamangitsidwa nthawi zina kuti mwaye usaundane m'kati. Tidatulukira mu msewu wa tala Lamulungu masana, kuloza ku Chimbiya, alamu akuyendetsa. Msewu udali wopanda kanthu. Ndidawauza kuti asasinthe giya mpaka nditanena. Adaponda, ndipo singano yowerenga kuzungulira kwa injini idakwera kupitirira pamene injini iliyonse imene ndinkaidziwa ikadagwedezeka ndi kulira ngati ikupempha chifundo. Iyi siidagwedezeke n'komwe. Mawu ake ankangoonda n'kumakwera, ngati mayi woimba yekha m'kwaya, ndipo msana wanga udamatirira ku mpando. Minda ya mbatata, milu ya mapesi, anthu ochokera kutchalitchi, zonse zinkangodutsa ngati madzi. Ndidaika dzanja pa bolodi la kutsogolo kuti ndimve kunjenjemera, osamva kalikonse. Ndidazindikira kuti ndaiwala kunena kuti asinthe giya pamene kabelu ka m'galimotomo kadalira kokha kutichenjeza.

Pa Chimbiya anyamata ofunsa makhadi a chipani adatiimitsa, monga zinkakhalira masiku amenewo. Tidaonetsa makhadi, koma iwo maso adali pa galimoto, ndipo mmodzi adapempha mwaulemu kuti aone injini. Nditatsegula boneti, ogulitsa tomato ndi kabichi adasiya malonda awo n'kuzungulira. Dalaivala wina wa lole, wachikulire, adasuzumira, nafunsa kuti injini taichotsa chifukwa chiyani. Ndidatola kamtengo n'kujambula pa fumbi khoko la mtedza ndi ngodya zitatu m'kati mwake, ndipo ndidafotokoza kwa nthawi ndithu, anthu atawerama mondizungulira. Pobwerera alamu adandipatsa kiyi. Ndidaiyendetsa ineyo mpaka pa galaja.

Patapita zaka ziwiri alamu adawasamutsira ku chipatala china kumpoto. Ndidawalembera pepala loti akapatse makaniko aliyense amene adzaigwire: ayang'ane madzi ndi oyilo nthawi iliyonse pothira petulo, asatseke kapampu kaja, asaizimitse ili yozizira. Patatha mwezi ndidalandira kalata yochokera kwa makaniko wa kumeneko, munthu amene sindidamuonepo. Adalemba mwaulemu kwambiri, kufunsa ngati ndinkanena zoona kapena ndinkangocheza ndi alamu anga. Ndidamuyankha masamba awiri, ndipo mu envulopumo ndidaikamo katoni yatsopano ya ngodya zitatu kuti azungulitse yekha.