Pachipata Ankafuna Amake Taonga

Matenda anandiyamba Lachiwiri m'mawa, mu Januwale, mvula itagwa mpaka madzi a m'zimbudzi kusefukira m'tinjira ta ku Kanyama. Ndinali kukazinga zitumbuwa zokagulitsa pokwerera minibasi pamene m'mimba munayamba kuwira. Ndinati ndi nyemba zadzulo. Pofika masana ndinali nditatopa ndi njira ya kuchimbudzi, ndipo zotuluka zinali zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Kenako kunabwera kusanza, miyendo n'kuyamba kukokana. Za kolera tinkazimva pa wailesi tsiku ndi tsiku, koma ine ndinkati ndi matenda a anthu auve, nkhani yosandikhudza.

Mwamuna wanga amayendetsa thiraki, ndipo nthawi imeneyo anali ku Congo kumene foni yake sigwira. Abale anga onse ali ku Katete. M'nyumba tinalimo awiri, ine ndi Taonga, mwana wanga wa miyezi isanu ndi iwiri. Nditalephera kuimirira ndinagogoda khoma. Anabwera ndi bana Mwila, mayi wa Chibemba wa khomo loyandikana ndi langa, amene takhala tikutunga pa mpopi umodzi kwa zaka zingapo. Iwo ndi amene anaitana galimoto ya chipatala.

Powapatsa mwana ndinalankhula zambiri, ngakhale mawu anali kutha. Ndinawauza kuti phala lake lisakhale lolimba, kuti madzi aziwiritsa, kuti sagona popanda kumubereka. Za chochita akadwala sindinanene. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu, poti wodwala ndinali ine. Khadi lake la kusikelo linatsala m'nyumba, foni yanga pabedi, ndipo kiyi ndinapita naye nditamumanga pa nsonga ya chitenje.

Ananditengera kumahema a odwala kolera, kutsidya lina la tawuni. Bedi lake ndi la pulasitiki, lobowola pakati, pansi pali ndowa. Manyazi amatha tsiku loyamba lomwelo. Anandiika diripi manja onse awiri, ndipo nditayamba kumeza ankandimwetsa madzi a moyo, aja a mchere ndi shuga, kapu ndi kapu. Paliponse pankanunkha klorini. Anamwino ankaoneka maso okha, ndipo ankatiitana ndi maina a pa chitupa. Ine kumeneko ndinali Esinati Banda, dzina limene ku Kanyama palibe amalitchula.

Alendo sankaloledwa kulowa. Abale ankaima kuchipata, n'kutchula dzina la wodwala wawo, ndipo wantchito ankayang'ana m'kaundula n'kubweretsa uthenga kapena kabotolo ka chakumwa. Mayi wa bedi loyandikana ndi langa ankalandira uthenga m'mawa ndi madzulo. Ine ndinkangoyang'ana denga la hema. Ndinasungulumwa kwambiri, moti wantchito uja akalowa ndinkatembenukira kumbali kuti ndisaone akundidutsa. Mawere anatupa n'kuuma ngati miyala, ndipo ndinkafinyira mkaka wa mwana wanga m'ndowa yomwe ija. Chokha chimene chinkandilimbitsa mtima chinali chakuti Taonga ali pabwino.

Lachisanu dzuwa litapendeka, namwino wina wachikulire analowa muhema akufuula.

“Amake Taonga ba ku Kanyama ni bandani muno?”

Ndinakweza dzanja la diripi. Anabwera n'kuima pamutu panga.

“Kuli bamayi pa geti, baimilira kuchoka kuseni. Dzina lanu sibaidziba, manje mu buku mulibe amake Taonga. Bakamba ati mwana anayamba kuthulula dzulo, bafuna mubauze ngati bangamupeleke ku kiliniki.”

Kiliniki ili pafupi ndi nyumba yathu, poyenda pansi sufika potuluka thukuta. Koma bana Mwila anasiya mwana wotsegula m'mimba ndi mlamu wawo, n'kukwera minibasi ziwiri kudzandipempha chilolezo. Atafika anatchula dzina lokhalo limene amandidziwa nalo, ndipo anawabweza. Sanachoke. Kuyambira m'mawa anakhala akupempha aliyense wovala yunifolomu mpaka namwino uyu anawamvera chisoni n'kuyamba kuyenda hema ndi hema.

Ndinayesa kudzuka, miyendo inakana. Namwino anandigwira paphewa.

“Osalira, kambani chabe. Nibauze chani?”

“Bathamange naye,” ndinatero. “Vonse vamene badokota bakambe, bavomere.”

Namwinoyo anatuluka mothamanga, ndipo zimene ndinamva tsiku limenelo zinathera pomwepo.

Masiku otsatira ndiwo anali owawa kuposa matenda. Thupi linkabwerera, kusanza kunaleka, diripi anachotsa, koma za mwana panalibe wondiuza. M'mahema mwathu ana ankagonekedwa kwina, ndipo ndikafunsa ankati dzina lake silikupezeka. Sindinkadziwa ngati zimenezo zikutanthauza kuti ali bwino kapena kuti sanafike. Ndinawakwiyira bana Mwila mumtima, ndinawatchula maina amene sindingalembe pano. Munthu wamkulu, wolera ana anayi, angadikire bwanji mawu anga mwana akutha madzi?

Atanditulutsa anandipopera klorini kumapazi n'kundipatsa mapaketi a madzi a moyo. Kuchipata panalibe wondidikira. Ndinakwera minibasi ndekha, ndipo kunyumba ndinapeza makomo onse awiri ali otseka. Eni nyumba ndiwo anandiuza kuti Taonga anafika kukiliniki maso atalowa, liwombo litatsika, ndipo anamutumiza kuchipatala cha ana. Anati ali moyo. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo.

Ndinamupeza atametedwa mbali imodzi ya mutu, pomwe anamulowetsera diripi atasowa mtsempha m'manja. Bana Mwila anali pambali pa bedi, atavala chitenje chomwe ndinawasiya nacho, ana awo atawasiya ndi anthu. Dokotala anandiuza mosazungulira kuti mwana wofooka chonchi amalandira chithandizo ngakhale mayi ake palibe, ndipo kuti tsiku limene linatayika lija likanatha kumutenga. Nditatambasula manja, Taonga analira n'kukakamira khosi la bana Mwila.

Panja, pa benchi, ndinawafunsa bana Mwila chifukwa chimene anadikirira mawu anga. Anandikumbutsa za mayi wina wa mumzere mwathu amene anathamangira kuchipatala ndi mwana wa mnzake, mwanayo n'kumwalira atangofika. Abale a mwanayo anati wamupereka nsembe, anamuswera mawindo, ndipo mayiyo anasamuka osatsanzika. Nkhaniyo ndinkaidziwa, ndipo inenso ndinaima nawo pagulu tsiku lija ndikuonerera.

“Mwana wa bene ni wovuta,” anatero bana Mwila. “Sembe anafera mumanja mwanga, imwe kulibe, batate bake kulibe, nikanakamba chani?”

Mkwiyo wanga unathera pa benchipo.

Lero Taonga akuyenda, ndipo tsitsi linamera. Mkaka unavuta kubwerera koma anamwino anandithandiza mpaka anayambanso kuyamwa. Ine ndili bwino, ndinabwerera ku zitumbuwa zanga, ndipo madzi akumwa ndimathira klorini ngakhale kunja kuli ng'amba. Kwa amene mukuwerenga, kutsegula m'mimba kukayamba musadikire kuti muone mawa, makamaka kwa mwana. Ndipo mukamasiya mwana ndi munthu, ngakhale kwa tsiku limodzi, musiyireni khadi la kusikelo, dzina lanu lenileni ndi nambala ya wachibale amene foni yake imagwira. Mulembereni papepala kuti mwamulola kupita naye kuchipatala, ndipo munene ndi pakamwa pali anthu omva.

Ine ndinachita zimenezo mwamuna wanga atabwera. Ndinaitana eni nyumba ndi amayi a pampopi, n'kuwauza bana Mwila onse akumva kuti Taonga akadzadwala ine kulibe, asadzandifunefune, adzathamange naye, ndipo zikadzavuta m'manja mwawo mlandu udzakhala wanga. Bana Mwila sanandiyang'ane ine. Anayang'ana mwamuna wanga.

“Na imwe batate bake Taonga, kambani.”

Mwamuna wanga anavula chipewa n'kubwereza mawu onse.