Zilembo za a Mzere

Chimene sindinamvetse konse pa a Mzere n'chakuti munthu akawayamikira ankakwinya nkhope ngati wawaponda chala. Tinagwira ntchito limodzi zaka zisanu ndi zinayi pa shopu yosindikiza mabuku ndi makadi, ine ndikufufuza zolakwika m'zolembedwa, iwo akulemba zikwangwani m'chipinda chakuseri. Sindinawamvepo akunena kuti ntchito yawo yakongola. Chikwangwani chikawakhutiritsa ankangoti, "Chikuwerengeka."

Dzina la Mzere analipata chifukwa ankalemba mzere woongoka pakhoma popanda rula. Anali ndi chizolowezi chimodzi. Akamaliza chikwangwani ankachitsamiritsa pakhomo, n'kuwoloka msewu, n'kukaima pafupi ndi wosoka nsapato wa tsidya linalo, manja kumbuyo. Akachiyang'ana ali kumeneko m'pamene ankadziwa ngati chatha. Wosoka nsapatoyo sankalephera kuwaputa. "Achimwene, mwathawanso ntchito yanu yomwe? Kodi imaluma?"

Kenaka dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Analibisa m'thumba miyezi ingapo, mpaka tsiku lina chilembo cha S pachikwangwani cha ometa tsitsi chinatuluka ngati nyongolotsi yopondedwa. Mwini shopu anawaitanira mu ofesi.

"Madala, makina odula zilembo afika mwezi wamawa, ndipo amamva zojambula za pakompyuta basi. Mukaphunzira, mpando wanu ulipo. Mukapanda kutero, sindikudziwa kuti ndikuikeni pati."

Pa shopu yomweyo pankagwira ntchito mwana wawo wamkazi, mayi wa ana awiri, amene ankakonza masamba a pa intaneti. A Mzere anakakhala pambali pake, chipewa pabondo.

"Kuchoka sindikuopa, mayi," anatero, pakuti ndi mmene ankamutchulira. "Chimene ndikukana n'kutulutsidwa panja ngati mpando wothyoka mwendo."

Mwana wawoyo anakoka kompyuta kuti onse aone. "Kujambula kulipo kuwiri, bambo. Kwina n'kwa timabokosi ting'onoting'ono, ngati chithunzi cha pafoni. Mukachikulitsa chimachita chimbuuzi. Uku tiphunzireku amati vekita. Mumaika dontho apa, lina apo, kompyuta n'kulumikiza. Dontho lililonse lili ndi timikono tiwiri, ndipo mukatikoka mzere umapindika. Chojambula chotere mungachiike pa batani la malaya kapena pakhoma la fakitale, sichisintha."

"Nanga penti?"

"Timathira pomaliza. Siitha, ndipo simuchapa burashi."

"Ntchito yosachapa burashi nayonso ndi ntchito?"

Poopa dzanja lawo, a Mzere anayamba kuika madontho mothithikana, kuti mzere usapeze mpata wothawira. S wawo woyamba anali ndi madontho oposa zana, ndipo m'mbali mwake munali ngati mano a sowo.

"Bambo, apa mwajambula kapena mwasoka?"

A Mzere anangobwezera maso pakompyuta. Sabata ziwiri zinatha akulimbana ndi chilembo chimodzicho. Tsiku lina masana ananyamuka, n'kupita kuseri, n'kutenga burashi youma. Anaiyendetsa pathabwa pang'onopang'ono ngati akulemba S, maso ali pa mkono wawo osati pathabwa. Anapeza kuti pa zaka zonsezo mkono unkatembenuka malo owerengeka okha: pamutu pa chilembo, pamsana, pamimba ndi pansi. Kwina konseko burashi inkangoyenda yokha. Anabwerera pakompyuta, nafufuta zonse, naika madontho khumi ndi awiri pamalo amene mkono unkatembenukira. Dzanja likanjenjemera dontho n'kugwera pambali, ankalikankha mpaka likhale pake. S anaima wosalala, yemwe uja wa pazikwangwani zawo zakale.

"Penti siidikira munthu," anatero. "Koma dontholi likudikira."

Ntchito yowayesa inabwera ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina yosoka zovala, mayi wa magalasi amene ankafuna chizindikiro cha sukulu, chikwangwani ndi webusaiti ya masamba khumi ndi awiri. Mwini shopu ananena poyera kuti ntchito imeneyi ndiyo idzaonetse ngati madala atsale. Chizindikirocho a Mzere anachijambula bwino: singano yoima, ulusi wake ukupindika n'kupanga chilembo choyamba cha dzina la sukulu. Atamaliza, mwana wawo anawapatsa mitu ya pamasamba kuti aipake mtundu wobiriwira, iye n'kupita ndi mwana wake wodwala kuchipatala.

Apa m'pamene ulembi wa zikwangwani unawapusitsa. Kwa iwo mutu uliwonse unali chikwangwani pachokha, choncho anatsegula tsamba ndi tsamba, n'kumapaka mutu umodziumodzi, mitu makumi asanu ndi umodzi, masiku awiri athunthu. Tsiku lachitatu mphunzitsi uja anaimba foni kuti wasintha maganizo, akufuna mtundu wachikasu. A Mzere anavula jekete, napinda manja a malaya kuti ayambirenso.

"Valani jekete, bambo," anatero mwana wawo atabwerako. Anachotsa zimene iwo anapaka, nawatsegulira kafayilo kena kamene a ntchitoyi amati CSS. "Umu ndi mmene timalembamo malamulo a maonekedwe. Mzere uwu ukunena kuti mitu yonse ikhale ya mtundu wakuti, kukula kwakuti. Sinthani mawu amodzi awa."

Anasintha ndi chala chimodzi. Mitu yonse makumi asanu ndi umodzi inasanduka yachikasu nthawi imodzi. A Mzere anasuzumira pakompyuta, nafunsa:

"Zaka makumi atatu ndikukwera makwerero, kafayilo aka kanali kuti?"

Tsiku lopereka ntchito mphunzitsi anafika atavala suti. Anaona zilembo zachikasu pa tsamba loyera, nawomba m'manja pang'ono. Mwini shopu anali akumwetulira kale. Koma a Mzere anapempha mwana wawo kuti atembenuzire kompyuta kukhomo, ndipo anatuluka, nawoloka msewu, nakaima pa wosoka nsapato, manja kumbuyo. Atabwerako anati, "Sizikuwerengeka."

Mwini shopu analankhula akukukuta mano. "Madala, webusaiti saiwerengera tsidya la msewu."

"Zoona, bwana. Koma amene akufuna sukuluyi adzaiwerengera pafoni, ali padzuwa, akudikira basi. Amayi, tatulukani nayo foni yanu panja."

A Mzere ankadziwa kuti akanakhala chete ntchito ikanalandiridwa, mpando n'kukhala wawo. Mphunzitsi anatuluka. Anapendeketsa foni uku ndi uku, naiphimba ndi dzanja, navula magalasi, nawavalanso. Chikasu chinali chitasungunuka m'kuyera kwa tsamba, ndipo singano ya pachizindikiro inali itasoweratu.

A Mzere sanadikire mwana wawo. Anakhala okha pampando, natsegula kafayilo kaja. Zilembo anazipatsa mtundu wakuda, chikasu anachiika kumbuyo kwake ngati lamba kuti mayiyo asataye mtundu umene anaukonda, ndipo anatalikitsa pang'ono mpata wa pakati pa zilembo. Kenaka anatsegula chizindikiro, nakoka madontho awiri, singano n'kunenepa. Dzanja linkanjenjemera aliyense akuona, koma sanalibise.

Mphunzitsi anawerenga mitu yonse mokweza ali panja pomwepo. Mwini shopu anakanda m'mutu. "Mpando ndi wanu, madala, mpaka mudzatope nawo nokha."

"Zikuwerengeka," anatero a Mzere, n'kupita kukasamba m'manja, ngakhale munalibe penti.

Miyezi isanu yotsatira anaithera pojambula zilembo zawo zonse m'fayilo imodzi, zazikulu, zazing'ono ndi manambala, chilichonse ndi madontho ochepa. Makina aja ankazidula usana wonse, ndipo makasitomala anayamba kupempha "zilembo za madala aja". Ife amene tinaphunzira kumishoni anatiuza kuti kutama munthu pamaso n'kumuikira mwala panjira, choncho ndingonena kuti pa zikwangwani zonsezo sindinapezepo chilembo choti ndichibweze.

Mwini shopu analengeza Lachisanu lina kuti adzapachika chithunzi cha a Mzere pakhoma la ofesi. Lolemba lake mwana wawo anapeza kiyi wa chipinda chakuseri patebulo pake. Bokosi la maburashi panalibe. Chimene bambo akewo anamuuza dzulo lake chinali chakuti akufuna akaone ngati makoma awo akale akuwerengekabe, koma makoma amenewo ali m'matauni ambiri, ndipo sananene kuti ayambira kuti.

Womaliza kuwaona ndi wosoka nsapato. Akuti anaima pamalo pawo paja m'mawa, bokosi lili pansi, manja kumbuyo, akuyang'ana chikwangwani cha shopu nthawi yaitali. Iye anawafunsa ngati lero ntchito yalumanso. A Mzere anangogwira chipewa, nanyamula bokosi, nalowera kokwerera mabasi.