Mwana Wogona ndi Nsapato

Kusukulu ya mkaka ya ana othawa nkhondo kunali mayi ena amene aliyense ankawatcha Azakhali. Sanali mphunzitsi ayi, cholembera sanachigwirepo. Ntchito yawo inali kusesa, kusambitsa ana m'manja ndi kuyala mphasa zogonapo masana. Pamphasa zawo sipankaponda nsapato. Ana awo asanu anawalera motero, ndiye akanasinthiranji imvi zili mbuu?

Tsiku lina kunabwera kamtsikana ka zaka zinayi, kofatsa, kosayankhula. Nthawi yogona itakwana kanakana kuvula nsapato. Azakhali anadikira kuti tulo tikatenge, namasula zingwe pang'onopang'ono, nakaika nsapatozo pakhomo. Podzuka, mwanayo anagwira kuphazi n'kukuwa mfuu imene inadzutsa chipinda chonse.

M'mawa mwake sanabwere. Tsiku linzakelo chimodzimodzi.

"Azakhali, ukhondo wanu watithamangitsira mwana," anatero aphunzitsi. "Akajomba sabata yathunthu, malo ake tipatsa wina. Odikira ndi ambiri."

Azakhali anamanga mpango, ulendo, kufunsa khomo ndi khomo. Anawapeza mayi a mwanayo akuchapa kuseri kwa nyumba.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa, koma chimene ndalakwa sindikuchidziwa. Ndiuzeni."

Mayiwo anapukuta manja, nayankha mosankha mawu, poti chinenero cha kuno anali atangochiphunzira.

"Kwathu tinathawa ana ali m'tulo. Mkulu wake wa uyu anayenda masiku atatu wopanda nsapato. Mapazi anang'ambika. Kumubereka sindikanatha, kumsana kunali uyu. Ndiye ndinawauza kuti pogona asamavule."

Azakhali anakhala pansi pafumbi pomwepo, chitenje choyera chili chomwecho.

"Kalanga ine! Nkhalamba yonseyi kuliza mwana chifukwa cha mphasa? Mphasa imamva kuwawa ngati? Mubweretseni, mwana wanga. Agone nazo, kaya zikhale za matope."

"Simudzamuvulanso?"

"Ndikadzatero, manja awa afote."

Mayiwo anaseka pang'ono, koma sanalonjeze kanthu.

Lachisanu, tsiku lomaliza, Azakhali ankasesa maso ali kuchipata. Belu litalira anaona kamtsikana kaja kakubwera, katagwira chala cha mayi ake. Masana, ana akugona, Azakhali anagwada patsogolo pa kamtsikanako. Mwanayo anabweza mapazi msanga.

"Usaope, chidzukulu. Chingwe chako chamasuka."

Anachimanga mfundo ziwiri, zolimba. Mwanayo anazikoka kuti aone, kenaka anagona, ndipo anachita kudzutsidwa mayi ake atabwera kudzamutenga.