Kandulo ya Pampando wa Bambo

Kutatsala sabata imodzi kuti mwana wanga wamkazi akwatiwe ku Nathenje, anandipempha chinthu chimodzi. "Amayi, pampando wa bambo padzakhale kandulo yopanga inu." Bambo akewo anali atatisiya kale. Ndinavomera msanga, poti ine ntchito ya manja sindidziwa kuikana.

Phula linali lochepa: lanjuchi la ku Dzalanyama, ndi tizidutswa ta makandulo timene ndinkatola kutchalitchi. Chikombole ndinadula ku paipi imene malemuwo ankathirira nazale ya fodya. Kunsi ndinamata ndi dothi, chingwe ndinachikoleka pa sipoko ya njinga kuti chiime pakati. Mitundu ndinasungunulira makirayoni: wobiriwira pansi, wofiirira pakati, woyera pamwamba.

Ntchitoyi imafuna kudikira. Ukathira phula lachiwiri loyamba lisanagwire, mitundu imasanduka matope. Ukachedwa, sizigwirana. Zonsezi ndinkazidziwa, koma dzuwa la Okutobala kwathu ku Mitundu silimvera munthu. Phula silinkauma, mtima unandipsa, ndinaimika paipi mumtsuko wa madzi ozizira. Lililonse linauma gwa palokha. Potulutsa, kandulo inathyoka patatu m'manja mwanga.

Mlamu wanga anaseka. "Alamu, kangogulani ya kugolosale. Malemu adzaona?"

Ndinangomuyang'ana, iye anakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto.

Kuthamanga sikufika. Phula lina ndinalibe, ndiye ndinasungunulanso chidutswa chilichonse m'chitini chakechake. Ndinakhala pakhonde tsiku lonse, chala chili m'paipi. Pamwamba pakachita kakhungu, pansi pakadali pofunda, ndinkabayabaya ndi waya kuti lotenthalo lipeze pogwira, kenako n'kuthira pang'onopang'ono chotsamiritsa. Kumunda sindinapite, ndipo amene anabwera kudzacheza ndinamuyankha ndi mutu.

M'mawa mwake inatuluka yathunthu, yosalala, mizere yake yowongoka. Ndinanyada, sindibisa. Ndinaikulunga m'chitenje n'kuifukata mpaka ku Nathenje, osalola munthu kundilandira.

Paukwati mwana wanga anawerama kuti ayatse, n'kuima. Anayendetsa chala kuchokera pansi.

"Iyi ndi nazale ya bambo. Uyu ndi fodya wawo wa m'chigafa. Nanga woyerayu, amayi?"

"Ameneyo ndiwe," ndinatero. "Waima pa iwo."

Machesi anamukanika, ndinamugwira dzanja, tinayatsa tonse awiri.