Mtsuko wokwirira pakhomo

Ku Japan ndinapita patangotha miyezi inayi chiberekere mwana wakufa. Anali maphunziro a aphunzitsi a sayansi, ndipo dzina langa linali litapita kale ndisanaime n'komwe. Anzanga pasukulu yathu ku Malama ankati ndachita mphumi. Ine ndinangolongedza chikwama, monga ndinkadyera ndi kusamba masiku amenewo, poti nthawi yakwana.

Kwathu mwana wotere, nthayo, saliridwa. Amakaika amayi akuluakulu okhaokha, m'dzenje losaya, mwini mwana ali m'nyumba. Wanga ananyamula ndi azakhali. Sindinafunse kumene anapita naye, nawonso sanandiuze.

Loweruka lina anatitengera ku nyumba yosungiramo zinthu zakale m'katauni kena. Munali mipaliro yamiyala, mbedza za mafupa, mapale omatamata. Mnzanga wa ku Chipata anati tawolokeranji nyanja kudzaona mapale omwe kwathu timamwetsera nkhuku. Ndinasekako pakamwa pokha.

Pakona panali mtsuko wautali, wobooka kunsi. Mayi wotimasulira anawerenga kachikwangwani kake. Anati mitsuko yotere inkakwiriridwa pakhomo penipeni pa nyumba, ndipo ofukula amaganiza kuti munkaikidwa makanda obadwa akufa, kuti mayi azidutsa pamwamba polowa ndi potuluka.

"Tsiku lililonse?" ndinafunsa.

"Inde, tsiku lililonse."

Misozi sinabwere. Ndinangoyang'ana kukamwa kwa mtsukowo n'kuyeza ndi manja ngati wanga akanalowamo. Akanalowamo. Kenako tinapita kukadya.

Nditabwerera ku Malama ndinapita kwa azakhali.

"Mwaswera bwanji, azakhali? Nifuna munilangize malo pamene munamuika mwana wanga."

"Iwe, vija sitilangiza. Ufuna usakabalenso?"

Ndinakhala pakhonde pawo mpaka dzuwa linapendeka. Atatopa nane anamanga chitenje n'kutsogola.

Tinafika kudambo kuseri kwa minda. Madzi osefukira a chaka chimenecho anali atasiya mchenga ponseponse, njovu nazo zitapondaponda. Azakhali analoza pafupi ndi chitsa. Anakayika, n'kuloza pena patsogolo. Anazungulira, kenako anagwira pakamwa.

"Mwana wanga, pasintha pano. Siniziba."

Sindinawakwiyire, mphamvu zake ndinalibe. Ndinavula nsapato n'kuyenda malo onsewo pang'onopang'ono, kupita uku, kubwerera uku, ngati wofesa mpunga, kuti pena pake ndidutsepo ndithu. Azakhali anangoima. Kuphazi sindinamve kanthu, mchenga wotentha basi.